Mwana wandifunsa za dzina la Greenland, ndithandizeni

Mayi wa ku Zomba:
Abale, mwana wanga wamkazi ali mu Sitandade 6. Madzulo ano timayang'ana mapu a dziko lonse, iye n'kuloza chilumba chachikulu choyera mbee kumpoto uko. Akuti, "Amayi, dzinali akuti limatanthauza dziko lobiriwira, nanga bwanji pamapu m'poyera chonchi?" Ndamuuza kuti anatcha dzinali ndi a Viking. Tsopano akufuna kudziwa kuti anthuwo anali ndani, ndipo anafikako bwanji. Ndamulonjeza yankho mawa, ndipo ndikufuna likhale loona.

Mphunzitsi wopuma:
Mayi, mwanayo ali ndi maso. A Viking anali anthu a ku Norway, Denmark ndi Sweden. Amadziwika ndi kuba ndi nkhondo, monga mmene anaonongera nyumba ya amonke ya ku Lindisfarne, ku England, mu 793, koma amene anapita kumpoto kwenikweniko ambiri anali alimi osaka msipu. Ankakweza ng'ombe, nkhosa, akazi ndi ana m'ngalawa zamatabwa zopanda denga, zoyenda ndi thanga limodzi laubweya.

Wotcha dzinalo ndi Erik the Red. Anamupirikitsa kuchoka pa chilumba cha Iceland kwa zaka zitatu chifukwa anapha anthu, ndiye cha m'ma 982 analowera kumadzulo n'kukapeza chilumbachi. Pakati pake ndi madzi oundana okhaokha, koma kum'mwera, m'mphepete mwa nyanja, udzu umamera nthawi yotentha. Atabwerera anati dzikolo ndi Greenland, poganiza kuti anthu angakopeke ndi dzina lokoma. Anakopekadi. Nkhani zawo zakale zimati ngalawa 25 zinanyamuka naye, koma zimene zinafika ndi 14 zokha. Zina zinabwerera, zina zinamira. Mukamamuuza mwanayo muimepo pang'ono pamenepa, aganizire za mabanja amene anali m'ngalawa zomirazo.

Dzina la Iceland nalo lili ndi nkhani imene ana amaikonda. Akuti munthu wina wa ku Norway dzina lake Flóki, pofunafuna chilumbachi, anatenga akhwangwala atatu. Ali pakati pa nyanja anaulutsa woyamba, anabwerera kumene ankachokera. Wachiwiri anazungulira n'kuteranso m'ngalawa. Wachitatu anaulukira kutsogolo osabwerera, Flóki n'kumutsatira mpaka kumtunda. Kumeneko anatanganidwa ndi nsomba, osamweta udzu wosungira ziweto, ndipo chisanu chitafika ziweto zinafa. Atakwera phiri n'kuona madzi oundana atadzaza gombe, anati dzikoli ndi la madzi oundana.

Malume a ku York:
Aphunzitsi anena bwino. Ine ndikukhala ku York, mzinda wa ku England umene a Viking anaulanda mu 866, iwo ankauti Jorvik, ndipo mayina ambiri a misewu kuno amathera ndi "gate", mawu awo otanthauza msewu. Mumuuze mwanayo kuti zisoti zanyanga zimene amajambula m'mabuku si zoona, sankavala zimenezo kunkhondo. Za kayendedwe, kampasi analibe. Ankaona kutalika kwa dzuwa masana, nyenyezi usiku, mbalame, anamgumi ndi mafunde. Komanso ankadumpha chilumba ndi chilumba: Shetland, Faroe, Iceland, kenako Greenland.

Mayi wa ku Zomba:
Zikomo nonse. Ndamuwerengera m'mawa uno asanapite kusukulu. Za akhwangwala wandiuza kuti ndibwereze kawiri. Wafunsanso kuti, kodi anathera ku Greenland komweko? Nanga alipobe?

Mphunzitsi wopuma:
Anapitirira, mayi. Mwana wa Erik, Leif Erikson, anafika ku North America cha m'ma 1000, pafupifupi zaka 500 Columbus asanafike mu 1492. Kwa nthawi yaitali anthu ena ankati ndi nthano chabe, mpaka mu 1960 pamene wofufuza wa ku Norway, Helge Ingstad, anapeza mabwinja ku L'Anse aux Meadows, ku Newfoundland m'dziko la Canada. Iye ndi mkazi wake Anne Stine atakumba, anapeza nyumba zomangira zibuma zaudzu, malo osulira zitsulo, ndi kamwala kopotera ulusi. Koma a Viking sanakhalitseko.

Ku Greenland anakhala zaka zoposa 400, akuweta ziweto ndi kugulitsa ku Europe minyanga ya nyama ya m'nyanja yotchedwa walrus. Kenako kunja kunayamba kuzizira kwambiri, malonda a minyanga anatsika, ngalawa zinasiya kubwera. Cholembedwa chomaliza chonena za iwo ndi cha ukwati umene unachitika m'tchalitchi cha Hvalsey mu 1408. Makoma amiyala a tchalitchicho alipobe, mumufufuzire chithunzi pa foni akaweruka.