Nati ya fan clutch ya pikiapu yanga ikukana kumasuka

Akuluakulu odziwa za injini, ndigaireniko nzeru. Pikiapu yanga ya dizilo ikumatentha ndikaima pamzere wa magalimoto kapena ndikamakwera chitunda nditanyamula katundu, koma ndikangoyamba kuthamanga, geji ya kutentha imatsika yokha. Madzi mu rediyeta ndi okwanira, thermostat ndinasintha kale. Dzulo nditazimitsa injini ili yotentha ndinakankha fani ndi chala, inangozungulira kangapo popanda kulimba kulikonse. Kutsogolo kwa fan clutch (chipangizo chimene chimayenera kulimbitsa fani kuti izungulire mwamphamvu injini ikatentha), pamene pali kasipulingi kopindapinda, pamata mafuta akuda osakanikirana ndi fumbi, ndiye ndikuganiza kuti mafuta a silicone a mkatimo anatayika.

Clutch yatsopano ndagula kale. Chandivuta ndi nati yaikulu ija yomangira pa pampu ya madzi. Ndikakoka ndi sipanala, pule (kagudumu ka pampu koyendetsedwa ndi lamba) imazungulira nayo limodzi, lamba amangotsetsereka, mpaka ndadzisupula pachala ndi chotchinga cha pulasitiki chozungulira fani. Mnzanga wina akuti ndimenye sipanalayo ndi hamala, koma ine ndikuopa kuwononga bearing ya pampu, n'kupezeka ndadziwonjezera ntchito.

Kodi ndingadziwe bwanji ngati nati imeneyi imamasukira kumanzere ngati nati wamba, kapena ndi ija yosemphana? Nanga pule mumaigwira ndi chiyani ngati mulibe chida chake chenicheni? Komanso clutch yatsopanoyi yakhala chogona m'katoni masiku atatu, mafuta ake sangakhale atasokonezeka?