Thandizeni: mawu a Chingerezi oti "foot" ali ndi matanthauzo angati?

Wofunsa: Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni. Kusukulu timaphunzira kuti "foot" ndi phazi, basi. Koma pa mndandanda wa mitengo ya malata palembedwa "12 ft", m'kalata ya kuntchito muli mawu oti "the company will foot the bill", pomwe m'buku la mwana muli "at the foot of the mountain". Kodi onsewa ndi mawu amodzi? Nanga n'chifukwa chiyani ena amati "six feet" ena "six foot"? Ndikufuna ndimvetse bwino kuti ndizitha kumufotokozera mwana.

Mphunzitsi wa Chingerezi: Ndi mawu amodzi ndithu, achimwene, ndipo matanthauzo onse achokera ku phazi lomwelo. Phazi lili pansi pa thupi, choncho mbali ya m'munsi ya chinthu imatchedwanso "foot". Tsinde la phiri ndi "foot of the mountain", kumiyendo kwa bedi ndi "foot of the bed", ndipo timawu tolembedwa m'munsi mwa tsamba ndi "footnote". Za "foot the bill" zachokera komweko: kale owerengera ndalama ankaphatikiza manambala n'kulemba zonse pamodzi m'munsi mwa pepala. Lero mawuwa amangotanthauza kulipira. Ndiye kuti kampani yanuyo ndiyo ilipire.

Mwana adziwe kaye zitatu izi. "Foot" ndi kuyambira pa kakolo kupita pansi, pomwe mwendo ndi "leg". Ife timatha kunena kuti mwendo ukundiwawa pamene chikuwawa ndi phazi, koma dokotala wolankhula Chingerezi mukamuuza "leg" ayamba kukuyang'anani pa bondo kapena pa katumba. Mapazi awiri ndi "feet", osati "foots", monga momwe "tooth" amasandukira "teeth". Chachitatu ndi katchulidwe. Mu "foot" liwu la pakati ndi lalifupi, lofanana ndi la mu "book", osati lokoka ngati la mu "food". Mu "feet" ndiye kokani, chifukwa mukafupikitsa mwanena "fit".

Mmisiri wa zomangamanga: Za muyezo zisiyireni ine, chifukwa apa anthu amaluza ndalama zenizeni. "Foot" imodzi (mwachidule "ft") ndi mainchesi 12, omwe ndi masentimita 30.48 ndendende, malinga ndi mgwirizano wa mayiko wa mu 1959. Mafiti atatu ndi yadi imodzi, masentimita 91.44, yoperewera pang'ono pa mita. Boma limagwiritsa ntchito mamita, koma malata ndi matabwa timagulabe m'mafiti.

Lata la "10 ft" ndi mamita 3.05, la "12 ft" ndi mamita 3.66. Ngati kuchoka pamwamba pa denga kufika pomwe madzi azigwera pali mamita 3.4, lata la mafiti 10 liperewera, gulani la 12. Pofuna kusintha mamita kukhala mafiti chulukitsani ndi 3.28, ndipo muyeze motsata kupendekeka kwa denga, osati m'lifupi mwa chipinda pansi.

Zolakwika zomwe zimabwerezedwa ndi ziwiri. Choyamba, 5.5 ft si mafiti 5 ndi mainchesi 5. Theka la "foot" ndi mainchesi 6, ndiye 5.5 ft ndi 5'6". Kachizindikiro kamodzi ndi mafiti, tiwiri ndi mainchesi. Kalipentala akasokoneza apa, thabwa lililonse liperewera inchi imodzi. Chachiwiri ndi "square feet". Sikweya mita imodzi ndi "square feet" 10.76, osati 3.28, chifukwa mukuchulukitsa mbali ziwiri. Puloti ya mafiti 50 kwa 100 ndi mamita 15.24 kwa 30.48, pafupifupi masikweya mita 465. Wina akangoti "50 by 100" osatchula muyezo, mufunseni, chifukwa mamita 50 kwa 100 ndi malo aakulu kuposa pamenepo kakhumi ndi kupitirira.

Komanso pa pulani mukaona "footing", ndi konkireti yomwe imathiridwa pansi pa ngalande ya maziko, yomwe khoma limakhalapo.

Mphunzitsi wa Chingerezi: Zikomo amisiri. Tsopano za "six feet" ndi "six foot". Muyezo ukabwera kutsogolo kwa dzina la chinthu kuti uchifotokoze, "foot" sasintha: "a ten-foot pole", "a twelve-foot sheet". Muyezo ukaima pawokha timati "feet": "the pole is ten feet long". Lamulo lomweli ndi lomwe limatipatsa "a five-year-old child" osati "five-years-old child". Potchula msinkhu wa munthu, zonse zimaloledwa: "he is six feet tall" kapena "he is six foot tall", ndipo ku Britain mumva kawirikawiri "five foot seven", omwe ndi masentimita 170. Pa mayeso mwana alembe "feet" pamenepo, sangamuchotsere malikisi.

Mayi wophunzitsa sekondale: Ndiwonjezerepo zomwe ana amalakwitsa kwambiri polemba chimangirizo. Kuyenda wapansi ndi "on foot". Timati "by bus", "by car", koma "on foot". Ndipo kwathu kuno tinazolowera kunena "I footed to town" kapena "we were footing". Tonse timamvana, koma wochonga mayeso adula mzere wofiira. Mwana alembe "I walked".

Zining'a ndiye zilipo zambiri, ndipo musazimasulire liwu ndi liwu. "Get cold feet" ndi kuchita mantha n'kubwerera m'mbuyo nthawi itayandikira, monga mkwati wothawa ukwati. "Put your foot down" ndi kukanitsitsa, monga kholo likati izi ayi pakhomo pano. "Put your foot in it" ndi kulankhula mosaganiza n'kuchititsa wina manyazi. Ziwirizi zimafanana pomveka, samalani nazo. "Drag your feet" ndi kuzengereza dala, "back on your feet" ndi kuchira kapena kudzukanso pa chuma. Zina mwana azitola yekha powerenga.

Mlangizi wa ziweto: Alimi asaiwale "foot-and-mouth disease", matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi omwe amagwira ng'ombe, mbuzi, nkhosa ndi nkhumba, ndipo abukapo kangapo ku Chikwawa ndi Nsanje. Ndi osiyana ndi "hand, foot and mouth disease" ya ana aang'ono, tizilombo take ndi tina. Phazi la nyama lilinso ndi mayina ake: chiboda cha ng'ombe ndi "hoof", phazi la galu kapena mphaka ndi "paw".

Wofunsa: Mwandithandiza kwambiri nonse. Katsala kamodzi, aphunzitsi: mwanayo akuti m'ndakatulo mulinso "foot". Imeneyo ndiye chiyani?

Mphunzitsi wa Chingerezi: Ndi kagulu ka maphatikizo awiri kapena atatu komwe kamabwerezedwa mu mzere wa ndakatulo, kawirikawiri kokhala ndi phatikizo limodzi lotsindika. Mawu oti "today" ndi chitsanzo: "to" ndi lopepuka, "day" ndi lotsindika, ndipo mtundu umenewu umatchedwa "iamb". Timagulu totere tikakhala tisanu mu mzere umodzi, ndiye "iambic pentameter". Muuzeni awerenge mzerewo mokweza akuwomba m'manja pa phatikizo lililonse lotsindika, kenako awerenge kuti wawomba kangati.