Agogo a mtchona opanda ID, a board akuti tiwatulutse

Nabanda, Rosettenville: Anzanga a m'ma home a okalamba ndithandizeni nzeru. Home yathu ndi ya mpingo kuno ku Joni, timasunga agogo osauka basi, ndalama zake ndi grant ya boma ya SASSA ya agogowo, subsidy ya Social Development ndi zopereka za akhristu. Nde tili ndi agogo ena aamuna anachokera kuchipatala atagwidwa sitiroko, mbali ya kumanja yonse siigwira, ndipo kumene ankachita lendi anakana kuwalandiranso. Ndi akwathu, a ku Ntcheu, akuti anabwera pa Theba ali mnyamata osabwereranso. ID alibe, pasipoti alibe, choncho grant palibe, subsidy palibe, pomwe mapampasi okha akudya ndalama zoopsa. A board akuti mwezi ukatha tiwapezere kwina. Kwinako ndi kuti abale?

A Phiri, Turffontein: Asisi musavutike, tisonkhe ngati mmene timasonkhera maliro, akwere basi apite kwawo. Ku consulate amapereka chikalata choyendera kwa amene alibe pasipoti. Munthu akamwalira kuno kutumiza thupi ndi ndalama zambiri kuposa tikiti ya wamoyo, bola akafike akupuma.

Nangondo, nesi: A Phiri mwaiwala msewu wake? Beitbridge pokha munthu wabwinobwino miyendo imatupa pamzere, kenako Zimbabwe yonse, Nyamapanda, Tete, mpaka Mwanza kapena Dedza, masiku awiri kapena atatu pampando. Ameneyu ndi wofunika kumutembenuza maola awiri aliwonse, akakafika ndi zilonda za pabedi kumatako ndi kuzidendene mudzayankha ndinu? Komanso akafikira kwa ndani, munthu wachoka Kamuzu akulamula. Mumudzi ena anamulira kalekale, munda anagawana.

A Phiri, Turffontein: Chabwino mayi ndamva. Nanga pali mayi wina kuno amasunga okalamba kuseri kwa nyumba yake, mtengo wake ndi wachifundo ndithu.

Nangondo, nesi: Ayi ayi, zimenezo musayerekeze. Za Life Esidimeni zija zinayamba chomwecho mu 2016, odwala matenda a m'maganizo kuwachotsa m'zipatala za Life Esidimeni n'kuwamwaza m'ma NGO opanda ziphaso zolongosoka kuti apulumutse ndalama, anthu 144 anafa, ambiri ndi njala, ludzu ndi kuzizira. Lamulo la Older Persons Act la 2006 limati malo osungira okalamba akhale olembetsedwa ku boma. Mayiyo akhoza kukhala wamtima wabwino koma zikavuta dzina lolembedwa pa fomu yotulutsira munthu likhala la Nabanda.

A Mbewe, a muofesi, Benoni: Ndalowa mochedwa koma nkhani ngati iyi tinakumana nayo kwathu kuno. Choyamba asisi, lamulo lomwelo limapatsa wokhala mu home ufulu wouzidwa masiku osachepera 30 asanasamutsidwe kapena kutulutsidwa, nde a board alembe kalata, zongonena pa miting'i sizikwana, ndipo social worker wa boma wa dera lanu adziwe lero lomwe, molemba. Akalandira kalata nkhani imakhala yawonso, siikhala yanu nokha.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, musafulumire kunena kuti alibe ID. Mawu oona ndi oti ID siikuoneka. Matchona ambiri analandira zitupa zokhazikika nthawi ya a Mandela, panali chikhululukiro cha ogwira m'migodi mu 1995 ndi china cha anthu a m'maiko a SADC mu 1996, ena anatenga ID yobiriwira ija n'kuitaya pamoto wa mkuku kapena posamuka, enanso anailembetsa pa dzina la Chizulu kapena Chisuthu poopa kugwidwa. Inu mukufufuza dzina la ku Ntcheu pomwe mu kompyuta muli dzina lina. Zala sizinama, apite nawo ku Home Affairs akadinde zala. Akapezeka kuti ndi permanent resident ndiye kuti grant ya okalamba ndi yawo, pakuti imaperekedwa kwa nzika, okhazikika ndi ma refugee a zaka 60 kupita mtsogolo, ndi ma R2,000 ndi kanthu pamwezi, kenako social worker adzaze fomu ya DQ98, youunikira chisamaliro chimene akufunika, kuti alowe pa subsidy.

Nabanda, Rosettenville: Achimwene mwanditsegula m'maso, chifukwa anthu a kumene ankakhala amawatchula dzina lina, ine ndimayesa ndi dzina longocheza. Koma akapanda kupezeka?

A Mbewe, a muofesi, Benoni: Mupite ku TEBA, Theba ija yolemba anthu ntchito za kumigodi. Aliyense wolowa mumgodi kudzera kwa iwo anali ndi nambala yake, industry number, ndipo amasunga mbiri ya ntchito, mgodi uti chaka chiti. Afunseni agogowo nambalayo, mudzadabwa, madala amenewa amaiwala dzina la mdzukulu koma nambala ya kumgodi amaitchula ngati Atate Wathu. Muwafunsenso chaka, chifukwa Kamuzu analetsa Wenela (dzina lakale la TEBA) mu 1974 ndege yonyamula Amalawi ochokera kumigodi itagwa ku Francistown, anatsegulanso cha m'ma 1977, kenako zinathera mu 1988 pa mkangano woyeza magazi a HIV. Chaka chikuthandizani kudziwa poyambira. Pepala la TEBA si ID ayi, koma ndi umboni woti munthuyu ndi ndani ndipo analowa liti, a Lawyers for Human Rights ku Braamfontein amathandiza anthu opanda zikalata, mukapita nalo simupita chimanjamanja. Muyesenso kufufuza ndalama za penshoni zosatengedwa pa webusaiti ya FSCA, bungwe la boma loyang'anira mabungwe a zachuma, n'zaulere, asakunamizeni ma agent kuti mulipire kaye.

Nangondo, nesi: Powonjezera, amatsokomola? Amabanika? Ngati anali mu mgodi wa golide pali Tshiamiso Trust, ija ya R5 billion, imalipira amene anadwala silicosis (nthenda ya m'mapapo yobwera ndi fumbi la kumgodi) kapena TB ya kumgodi, ogwira ntchito kuyambira 1965 mpaka 2019 m'migodi ya makampani amene anasaina. Sitiroko yokha salipira, musawapatse a board chiyembekezo chabodza, koma x-ray ya pachifuwa ijambulidwe basi, ngakhale chifukwa cha agogo enawo amene akugona nawo chipinda chimodzi.

A Phiri, Turffontein: Zonsezi n'zabwino koma Home Affairs mukuidziwa, miyezi ipita. Pakadali pano adya mapepala? Nanunso a Mbewe mumayankhula ngati ndalama ili kale m'thumba.

A Mbewe, a muofesi, Benoni: Kkkk a Phiri simunaname. Koma board siiopa mtengo wa munthu mmodzi, imaopa dzenje lopanda mapeto. Asisi lembani pa pepala limodzi zimene agogowa amadya pamwezi, mapampasi, mafuta opaka, chakudya, thiransipoti ya ku kiliniki, mupemphe miyezi itatu yokha ndi ndondomeko ya zimene muchite mwezi uliwonse. Ngati home yanu ili ndi Section 18A ya SARS uzani mabizinesi a pafupi kuti akapereka mumawapatsa lisiti yochepetsera msonkho, ambiri amamasuka akamva zimenezo. Masamba kagulenini kumsika wa City Deep m'mamawa osati kusitolo, ndipo ngati simunalembetse ku FoodForward SA, amene amagawa chakudya kumabungwe othandiza anthu, yesani.

Chimodzi chokha ndikupempheni, musawabise. Ena amasunga munthu wotere osamulemba m'kaundula poopa ma inspector, tsiku lomwe wamwalira ndi pamene mavuto amayamba, thupi limakhala ku mochale miyezi popanda wolitenga.

Mayi Gama, Mayfair: Ine za malamulo sindidziwa, ndine wosambitsa ndi kudyetsa basi, koma ndawerenga zonsezi palibe amene wanena zowafunsa eni ake. Agogowo akufuna chiyani? Mwina akufuna kukafera kwawo, mwina ali ndi ana ku Soweto kapena ku Carletonville amene anayambana nawo. Sitiroko yagwira mkono, mutu ulipo. Ndipo akakuuzani mudzi ndi mfumu yake tumizani uthenga m'magulu a anthu a ku Ntcheu, koma chithunzi chawo musamwaze pa Facebook asanavomere.

Nabanda, Rosettenville: Mayi Gama mwanena zoona. Ndawafunsa madzulo ano ndikuwamwetsa phala, kuyankhula kumavuta koma tamvana. Nambala aitchula yonse a Mbewe, kawiri, osaphonya, akuti unali mgodi wa golide cha ku Carletonville. Za kumudzi akuti mchemwali wawo yekha ndi amene angafune kumva ngati ali moyo, zopita sanayankhe. Kalata ya social worker ndalemba, a matron asaina mawa. Vuto latsala galimoto, ya home yathu inafa giya ndipo wheelchair mu taxi sangatilole.

A Phiri, Turffontein: Bakkie yanga ilipo Lachiwiri, ndimalowa ntchito masana. Akhale kutsogolo ndi mapilo, wheelchair kumbuyo. Tinyamuke 5 koloko kuti tikapeze mzere usanatalike, mafuta ndithira ndekha.

Nangondo, nesi: Mutenge kalata ya dokotala muionetse pageti, mwina angakulowetseni msanga. Mapampasi awiri apadera, madzi, bulangete, ndipo mankhwala a BP amwe musananyamuke.