Senti ya ku America ya 1955: kodi kubwereza kwa nambala kumeneku n'kwenikweni?

Wotolera_Makobidi:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru zanu. Ndili ndi senti ya ku America ya 1955, ya nkhope ya Abraham Lincoln, ndipo ndikaiyang'ana ndi galasi lokulitsa zinthu ndikuona ngati nambala 5 yomalizira ili ndi mthunzi m'mbali mwake. Ndinamva kuti m'chaka chimenecho fakitale ya ndalama ya ku Philadelphia inatulutsa masenti a zilembo zobwereza, otchedwa doubled die, amene otolera makobidi amawafunitsitsa. Kodi ndingadziwe bwanji ngati yangayi ili m'gulu limenelo?

Mkulu_wa_Zakale:
Zikomo bambo. Ngati mwafunikira galasi kuti muone kubwerezako, n'zokayikitsa kuti senti yanuyo ndi imene mukuiganizirayo, pakuti pa yeniyeni mawu a LIBERTY, a IN GOD WE TRUST ndiponso chaka chonse zimaoneka kawiri ndi maso okha. Cholakwikacho chinachitika popanga chidindo chenichenicho: kale chithunzi chinkasindikizidwa pachidindo kangapo, ndipo ulendo wina chidindo chinapotoka pang'ono, kotero kuti khobidi lililonse limene chinadinda linatuluka ndi kubwereza kofanana ndendende. Zimene mwafotokozazo, za nambala yomalizira yokha, kawirikawiri zimachokera ku chidindo chimene chaperepeseka chifukwa chogwira ntchito nthawi yaitali. Masenti otere a 1955 ndi ochuluka, ndipo mtengo wake ndi wochepa.

Diso_la_Galasi:
Ndikugwirizana ndi akuluwa, koma ndionjezepo kuti maonekedwe a kubwereza paokha si umboni wokwanira, popeza senti imeneyi anthu achinyengo akhala akuipanga yabodza. Chimene akatswiri amafufuza ndi tizizindikiro timene chidindo chimasiya pa makobidi ake onse: ming'alu, mikwingwirima yobwera pochipukuta, ndi timabowo tomwe chitsulo chinabenthuka. Kumbukirani kuti chimene chili chokumbika pachidindo chimatuluka chotukuka pakhobidi, choncho mzere wotukuka ndi wochokera kufakitale, pamene mzere wolowa mkati nthawi zambiri ndi kukandika kumene khobidi lakumana nako m'manja mwa anthu. Pa senti yeniyeni ya 1955, tembenuzani kumbuyo ndipo muyang'ane chilembo T cha mawu a CENT. Pansi pa mkono wake wakumanzere pamakhala timizere topyapyala totsikira pansi. Mugwiritse ntchito galasi lokulitsa kakhumi, nyale ikhale imodzi ndipo iwalire chammbali, kenako muzipendeketsa khobidilo pang'onopang'ono, chifukwa timizere totere timabisala kuwala kukachokera pamwamba. Chonde musalitsuke kapena kulipukuta, pakuti mukatero mufafaniza umboni womwewo n'kugwetsanso mtengo.

Mayi_Nambewe_Ndalama:
Pali kubwereza kwina kumene sikunatchulidwe, komwe kumasokoneza anthu ambiri kuposa konse, ndiko kobwera pamene chidindo chagwedera panthawi yodinda. Chilembo chachiwiri chimakhala chophwatalala ngati sitepe, ndipo chimadya mbali ya chilembo choyamba, pamene pa doubled die zilembo zonse ziwiri zimakhala zotukuka ndi zobulungira, nsonga zake zitagawikana. Senti ya 1969 ya ku San Francisco imaphunzitsa bwino nkhaniyi. M'zaka zimenezo chilembo cha fakitale, monga S woimira San Francisco, chinkakhomedwa ndi manja pachidindo chimene chatha kale kupangidwa, motero pa doubled die yeniyeni ya chaka chimenecho S sabwereza limodzi ndi chaka. Mukaona S ndi chaka zabwereza mofanana, yambani mwaganiza kuti chidindo chinagwedera podinda.

Kunena zoona bambo, ine sindingakulangizeni kulipira PCGS kapena NGC, makampani oyeza ndi kutsimikizira makobidi, kuti ayeze senti ya nambala imodzi yamthunzi. Tumizani kaye zithunzi ziwiri zooneka bwino, china cha mawu a LIBERTY ndi china cha T wa kumbuyo uja, kuti tione tonse.