Dopi la .308 lakanirira mu die, rimu yathothoka

Mlenje_Limpopo: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Usiku wathawu ndimasayiza madopi a .308, kutanthauza kubwezera mu sayizi yake makoko a brasi a zipolopolo zowombedwa kale kuti ndiwadzazenso, pokonzekera ulendo wa nswala Loweruka. Makumi awiri oyamba anadutsa bwinobwino. La 21 chogwirira cha puresi (makina okankhira dopi mu die, chikombole chachitsulo chosayizira) chinalemera polowa, ine n'kungokanikiza. Pobweza ndangomva kuti phwa! Shell holder, yogwira dopi kumunsi, yatsika ndi kachidutswa ka rimu (mkombero wa kumunsi kwa dopi), dopi latsalira m'katimo. Die yake ndi ya kampani ya RCBS, full length, yosayiza dopi lonse. Ndayesa pulayala koma ikungopala brasi. Ndingogula ina kodi?

Mmisiri_Polokwane: Ayi achimwene, sungani ndalama zanu. Pulayalayo ikani pansi musanakande kukamwa kwa die. Masulani ndodo ya decapper (yochotsera primer, kachitsulo koyatsa wonga pa tako la dopi) muikweze m'mwamba mpaka pomwe ingafike, kuti dirilo isakathyole kapini kake. Die'yo muitembenuze, tako la dopi liyang'ane kumwamba. Mukaimanga pa vaisi, gwirani pa lock ring, mphete yomangira die, mazinga a die asalumidwe. Onetsetsani kuti primer yomwe ilipo ndi yowombedwa kale, kenako boolani pakati penipeni pa malo a primer.

Kit ya RCBS yochotsera madopi okanirira imabwera ndi dirilo ya nambala 7 ndi tapu (chodulira mazinga) ya 1/4-20, koma kuno n'kosavuta kupeza dirilo ya 5 mm ndi tapu ya M6. Dulani mazinga pang'onopang'ono, mukubwezako kuti tizinyenyeswa tituluke. Mukatero vundikirani soketi ya sipanala pa tako la die, yoti dopi likhoza kulowa m'kati mwake, ikani washala pamwamba, lowetsani bawuti ya M6 yolimba. Mukamamanga bawutiyo, dopi limadzuka lokha kulowa mu soketimo.

Wa_ku_Luangwa: Ine yanga ndimangomasula collet, nati yogwira ndodo ya decapper, n'kumenya ndodo ndi hamala, dopi limagwa.

Mmisiri_Polokwane: Imeneyo ndi die ya kampani ya Lee, akulu. Ndodo ya Lee ndi yosalala ndipo anaipanga kuti ipirire zimenezo. Ya RCBS ili ndi mazinga, mukaimenya ipindika.

Gogo_wa_303: Funso langa ndi lina: madopiwo munawapaka mafuta anji? Poti mukalitulutsa ili, la 22 likukudikirani.

Mlenje_Limpopo: Opopera a Hornady One Shot, agogo. Ndinawaika m'chigubu cha ayisikirimu n'kupopera pamwamba. Madopiwo ndinali nditawatsuka ndi madzi ndi timapini ta chitsulo, akuwala ngati atsopano.

Gogo_wa_303: Basi, mlandu watha. Chitinicho mumachikhutchumula kaye, mukapopera n'kudikira kuti madzi ake auluke, patsale mafuta okhaokha. Ndiye m'chigubu a pamwamba amadya, a pansi amagona ndi njala. Brasi yotsuka mpaka mbee imagwiranso chitsulo kwambiri kuposa yakuda pang'ono, makamaka m'khosi. Ine ndinasiya zopoperazi. Kachitini ka Imperial wax: kukhudza ndi chala, kupaka thupi la dopi makamaka kumunsi kufupi ndi rimu, poti n'komwe kumamatira. Paphewa musapake, mafuta akachuluka pamenepo phewa limabonyoka. Anyamata ambiri amaona anzawo a 9mm akusayiza chouma ndi die ya carbide n'kumaganiza kuti ndi chimodzimodzi. Dopi la khosi lowonda ngati botolo silisayizidwa chouma.

Wa_ku_Luangwa: Muonenso chidindo cha pansi pa madopiwo. Ngati mwasakaniza ndi otola a 7.62 a usilikali, brasi yake ndi yochindikala, ndipo omwe anawombedwa mu mfuti ya chiwaya amatupa. Akale a usilikali a PMP, kampani ya zipolopolo ya ku South Africa, ndi a Berdan, mabowo awiri m'malo mwa limodzi, amathyola kapini ka decapper.

Mmisiri_Polokwane: Zoona. Ndiwonjezereko: musanamange bawuti, donthezerani mafuta omasulira dzimbiri kuchokera pamwamba, muike die'yo mu filiji mbali yoziziritsa nyama kwa ola limodzi kapena awiri. Brasi imafota kuposa chitsulo ikazizira. Moto wa gasi ayi, mufewetsa chitsulo cha die. Amayi kunyumba muwauze kaye, angaitaye poyesa ndi chitsulo cha galimoto.

Mlenje_Limpopo: Latuluka! Ulendo woyamba bawuti inavula mazinga chifukwa ndinailowetsa pang'ono chabe. Ndinadulanso mozama, ndipo pamene ndimamanga kachitatu ndinamva kuti the, lamasuka. Koma tsopano expander, kachitsulo ka pa ndodo ya decapper kotambasula khosi la dopi, yatsalira m'kati mwa dopi, sikutuluka pakhosi.

Mmisiri_Polokwane: Chekani dopilo chapakati ndi sowo ya zitsulo, mosamala kuti musafike pa ndodo, muitulutsire kumunsi. Mukatha tsukani m'kati mwa die ndi kansanza, muunike ndi tochi. Mukaona timizere ta brasi tomatirira, tichotseni ndi mankhwala otsukira mpope wa mfuti, apo ayi tizikanda dopi lililonse.

Mlenje_Limpopo: Ndatero. Ndayang'ananso otsala aja: onse ndi a .308 ogula m'sitolo, palibe la usilikali. Ndawapaka limodzilimodzi ndi chala, 30 adutsa osalira. Soketi ya 13 ija ndi bawuti yake ndazimangirira pamodzi mu dirowa ya pansi pa puresi.