Thandizeni abale, ufumu wa Osman unayamba chaka chanji kwenikweni?

Abale anga odziwa histole ndithandizeni chonde, nkhani ya Osman, amene anayambitsa ufumu wa Ottoman m'dera lomwe lero ndi dziko la Turkey, yandisowetsa tulo. Ndakhala ndikuwerenga pa foni usiku mpaka bandulo kutha, munthu anayamba ndi kadera kakang'ono ka Söğüt komwe anasiyiridwa ndi bambo ake Ertuğrul koma zidzukulu zake zinadzalamulira mpaka 1922, zimandizizwitsa kwabasi. Pomwe ndasokonekera ndi apa, ena akuti ufumu wa Ottoman unayamba 1299 pomwe ena akuti tiziwerengera 1302 pamene anagonjetsa asilikali a ufumu woyandikana nawo wa Byzantine pa nkhondo ya ku Bapheus, ndiye ndigwire chiti? Chinanso Bursa, mzinda womwe unali m'manja mwa Byzantine, Osman anaizinga zaka zambirimbiri koma inadzagwa 1326 m'manja mwa mwana wake Orhan, kodi mkuluyu anaiona ikugwa kapena anali atamwalira kale? Paja manda ake ali konko ku Bursa.

Komanso maloto aja, akuti anagona kunyumba kwa Sheikh Edebali nkulota mtengo ukumera pamchombo pake mthunzi wake nkuphimba dziko lonse, ine amandikhudza zedi koma poti analembedwa patadutsa zaka zoposa 100 mwini wake atamwalira, tiwatenge ngati mbiri yeniyeni kapena nthano yongokometsera ufumu? Amene munaziphunzira bwinobwino ndimasulireni.