Agogo sanabwerenso ndi mwana, ndichite bwanji?

Mlangizi wa ana, Mangochi Boma: Anzanga, ndithandizeni nzeru. Masabata atatu apitawo agogo ena ochokera cha ku Makanjira anabwera ndi mdzukulu wawo wazaka 9. Mnyamatayo wayambiranso kukodza pogona, kusukulu sayankhula, amangokhala duu. Bambo ake ali ku Joni, mayi ake anakwatiwa kwina. Tinakhala pafupifupi ola, mwana maso pansi, akungokanda mpando ndi chikhadabo, funso lililonse akuyankha ndi agogo. Potuluka anandifunsa kuti, "Nanga mankhwala?" Nditati tiyambe tacheza kaye, nkhope yawo inagwa. Tsiku lobwereranso ladutsa, kuli zii. Mwana ameneyu akundisowetsa tulo.

Namwino, Monkey Bay: Achemwali, mkodzo munayezetsa? Mwana wa m'mbali mwa nyanja ine ndimayamba ndaganizira likodzo. Likapezeka, mankhwala ake a praziquantel alipo. Funsaninso ngati anadwalapo malungo aakulu mpaka kukomoka, chifukwa ena amasintha khalidwe akachira, ndipo kungoti duu kwinako kumakhala khunyu. Komanso agogo akaona kuti mwayeza ndi kulemba m'buku la kuchipatala, mtima umakhala pansi kuti ulendo wawo sunapite pachabe.

Wa zachitukuko cha ana, Namwera: Zoyezazo ndikugwirizana nazo, koma ine chandigwira mtima ndi china. Mwana amene anasiya kale kukodza pogona, n'kuyambiranso, pomwepo n'kutseka pakamwa, tisathamangire kunena kuti wangosowa makolo. Amagona ndi ndani? Pakhomopo pabwera munthu wachilendo? Muonane naye payekha, agogo adikire panja pomwe iye akuwaona. Ngati Chiyao simuchimva bwino, womasulira asakhale wachibale. Mwana sangaulule za amalume ake kudzera m'kamwa mwa agogo ake. Ine ndimayala mphasa, ndimupatsa pepala ndi pensulo kuti ajambule nyumba yakwawo ndi onse ogonamo. Wina anajambula aliyense, koma munthu mmodzi anamudetsa ndi pensulo mpaka pepala kubooka. Tinayambira pamenepo. Mukamva za nkhanza musazisunge, lamulo loteteza ana la 2010 lilipo, dziwitsani ofesi yathu ndi a Victim Support Unit, nthambi ya kupolisi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Agogo muwapatsenso nambala yaulere yothandiza ana ya 116.

HSA (wa zaumoyo wa m'midzi), Makanjira: Amayi, agogowo musawaone ngati osasamala. Kuchoka kuno kufika pa Boma ndi tsiku lathunthu, ndalama ya galimoto ya anthu awiri ndi ufa wa masiku angapo. Nditumizireni dzina la mudzi kumbali, osati pagulu pano. Ndikawapeza ndekha, ndikaonananso ndi amayi a mother group, gulu loyang'anira ana kusukulu kwake. Mkodzo tikhoza kuyeza konkuno.

Mlangizi wa ana, Mangochi Boma: Zikomo nonse. Ndinalakwitsa kusamuona payekha tsiku loyamba lija. Achimwene a ku Makanjira, ndakutumizirani uthenga. Mukawapeza mundiuze tsiku la sikelo, ndipempha galimoto ndibwere ndi mnzanga wodziwa Chiyao, mapepala ndi mapensulo.